Kusankha nsalu za zigamba ndi zogulitsa pa kaunjika

Fikani m'mamawa tsiku lotsegula belo, chifukwa dzuwa likakwera mupeza zosankhidwa kale. Ku Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, afunseni ogulitsa tsiku lomwe amatsegula.

Ngati mukufuna kusoka chofunda cha zigamba, funani thonje: malaya aamuna aakuluakulu, nsalu zoyala pabedi ndi masiketi otambalala. Nsalu yotamuka isiyeni, imakwinya msoko. Werengani kachikwangwani ka pakhosi. Ngati kanadulidwa, sololani kaulusi mukayatse kunyumba: thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa, pomwe poliyesitala amasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Yang'anitsani nsaluyo padzuwa. Pomwe kuwala kukudutsa kwambiri ndiye pothetheka, ndipo pang'ambika mukangochapa kawiri. M'khwapa ndi pakolala ndimo mumabisala zothimbirira.

Chapani zonse musanadule, zofiira ndi zakuda pazokha poti zimachucha utoto, kenako sitani. Dulani zigamba za masentimita 12 mbali zonse, sentimita imodzi ipite ku msoko mbali iliyonse. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali chimadya zigamba 300. Mabatani ndi zipi musataye, atelala amazifuna.

Zogulitsa ndi nkhani ina. Yesani zipi iliyonse, pindani nsapato muone ngati pansi pake sipakusweka, ndipo pamtengo wogulira onjezani ya minibasi ndi sopo musanaike phindu. Majuzi gulani nthawi yotentha akatsika mtengo, mudzagulitse mu June.