Momwe mungakonzere wikendi ya banja: kusambira Loweruka, zisudzo Lamulungu

Wikendi ya mabanja ambiri m'tauni ndi yodziwikiratu. Loweruka kuchapa, kenako ukwati kapena chinkhoswe, Lamulungu kutchalitchi, madzulo bambo pa mpira. Ana amangomva kwa anzawo akusukulu kuti kunyanja n'kokoma, ndipo za zisudzo amangomvera m'kamwa mwa makolo kuti kale kunali Izeki ndi Jakobo. Komatu ziwirizi zimatha kulowa m'wikendi imodzi popanda kukagwada kwa akatapila. Ine ndayesapo kangapo ndi banja langa. Maulendo ena anayenda bwino, ena anandisiya ndikukanda m'mutu, ndipo zomwe ndikulemba pano zachokera konseko.

Choyamba, pezani sewero, nyanja ibwere pambuyo

Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amayamba ndi kusungitsa chipinda kunyanja, kenako n'kumafunsa ngati kuli sewero sabata imeneyo. Nyanja sithawa, mudzaipeza pomwepo mwezi wamawa. Koma gulu la zisudzo limafika m'tauni yanu tsiku limodzi, mawa lake lalongedza katundu lapita kwina. Choncho tsiku la sewero ndilo lilamule zonse.

Zikwangwani za m'mitengo ndi pamaraundi zikadalipo, koma masiku ano uthenga umafulumira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Tsatirani masamba a magulu enieniwo: Kwathu Drama Group, yomwe yakhala ikuchita masewero a Chichewa kwa zaka zambiri ndipo inatchuka ndi malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Nanzikambe Arts, yomwe inayamba mu 2003 ku Blantyre, Solomonic Peacocks, yomwe imakonza chikondwerero cha zisudzo nyengo ya Pasaka, komanso YDC Theatre ya achinyamata. Tsatiraninso malo ochitira zisudzowo, monga Madsoc Theatre ku Lilongwe ndi Jacaranda Cultural Centre ku Blantyre. A ku Zomba muzitchera khutu ku yunivesite ya ku Chirunga, komwe ophunzira za zisudzo amaonetsa ntchito zawo. Pa 27 Malichi ndi tsiku lokumbukira zisudzo padziko lonse, ndipo masiku oyandikira pamenepo sipalephera kupezeka choonera. Mipikisano ya zisudzo za m'masukulu a sekondale musaipeputse. Du Chisiza Jr, yemwe anadzakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anayamba kudziwika pa mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ali mwana wasukulu, ndipo ana anu akaona anzawo a yunifolomu ali pasiteji amakopeka kuposa akaona akuluakulu.

Mukapeza sewero, imbani nambala ili pachikwangwaniyo. Musangotumiza uthenga, imbani mumve mawu a munthu. Funsani ngati tsikulo silinasinthe, nthawi yeniyeni yoyambira, chilankhulo cha seweroli, komanso ngati n'loyenera ana. Funso lomalizali musalichitire manyazi. Masewero athu ambiri amakamba za m'banja, za chibwenzi chamseri, za kuchipinda, ndipo ochita zisudzo akaona anthu akuseka amawonjezera mchere. Ine ndinakhalapo maola awiri ndikuyang'ana pansi, apongozi ali kumanja kwanga, mwana wa zaka 8 kumanzere akundifunsa chomwe anthu akusekera.

Chachiwiri, sankhani madzi omwe mungathe kubwerako msanga

Popeza masewero ambiri kuno amachitika masana kapena chakumadzulo, makamaka Lamulungu, muyenera kukhala mutabwerera m'tauni isanakwane 12 koloko tsikulo, kapena kubwerako Loweruka lomwelo. Izi zikukusankhirani kale malo.

Wa ku Lilongwe apite ku Senga Bay, ku Salima. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120 pa msewu wa M14, maola awiri pagalimoto yabwino, ndipo n'zotheka kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Kumeneko kuli mahotela a Sunbird, Livingstonia ndi Waterfront, ndi malo ena ang'onoang'ono ambiri m'mbali mwa gombe. Wa ku Blantyre njira yake ndi ya ku Zomba, Liwonde mpaka Mangochi, makilomita pafupifupi 190 kukafika paboma, kenako kupitirira pang'ono kumka ku Nkopola, Makokola kapena Sun 'n' Sand, komwe kuli damu losambira lalikulu lomwe ana sakana. Umenewu ndi ulendo wogona, osati wopita n'kubwera. Cape Maclear n'kokongola zedi, kuli nsomba za mbuna zamawangamawanga zomwe zinachititsa kuti bungwe la UNESCO liike paki ya Lake Malawi pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, koma n'kutali kwa munthu amene akufuna kukapezeka pasewero mawa lake. Kusungireni holide yaitali. A ku Mzuzu ndiye odala, Nkhata Bay ili pakhomo.

Ngati thumba silikulola, musaimitse ulendo. Mahotela ndi malo achisangalalo angapo m'tauni momwemo amalola anthu osagona kulipira pakhomo n'kusambira tsiku lonse. Kwa mwana wa zaka 5, damu la m'tauni ndi nyanja yokwanira. Anzathu okhala ku Joni ali ndi mwayi wina: mapaki enieni a madzi, okhala ndi zotsetserekera zazitali ndi mafunde ochita kupanga, monga Valley of Waves ku Sun City, ndipo zisudzo angakaonere ku Market Theatre ku Newtown, yomwe inatsegulidwa mu 1976. Dongosolo lake ndi lomweli.

Nyengo nayo muiganizire. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imakalipa ndipo madzi a m'damu amazizira moti ana amatuluka mano akugwedera. Seputembala mpaka Novembala ndiye nthawi yake. Koma pewani wikendi ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso masiku a Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, pokhapokha ngati mumakonda chipwirikiti. Masiku amenewo gombe limadzaza mabasi a magulu, zoimbira zimalimbana, ndipo mwana kusowa m'chigulu ndi nkhani ya mphindi imodzi.

Imbaninso kumalo osambirako. Funsani mtengo wolowera wa wamkulu ndi wa mwana, ngati amalola kulowa ndi chakudya chanu, ngati pali damu losaya la ana, ndiponso ngati damulo likugwira ntchito sabata imeneyo. Tinafikapo pa loji ina titaona zithunzi za madzi obiriwira ngati thambo, n'kupeza madzi a ndere, achule akusambira okha. Pampu inali itafa kwa milungu iwiri, ndipo palibe amene anatiuza chifukwa ifenso sitinafunse.

Chachitatu, ndalama

Lembani papepala: mayendedwe, zolowera kumadzi, chakudya, pogona ngati mugona, matikiti a sewero. Mudzaona nokha kuti matikiti ndiwo ochepa pa zonsezi. Zodya ndalama ndi mafuta a galimoto ndi chakudya cha pahotela. Apa mankhwala ake ndi kuphatikizana mabanja awiri kapena atatu, kusonkha, n'kuchita hayala minibasi imodzi. Mugwirizane ndi dalaivala nthawi yobwerera musananyamuke, ndipo gawo lina la ndalama mudzampatse mutafika kunyumba. Ngati mukuyenda pagalimoto yanu, thirani mafuta opita ndi kubwerera Lachisanu, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Ndalama ya matikiti ikani mu emvulopu payokha, ikhale kunyumba, chifukwa ikapita nanu kunyanja idzasanduka chambo chowotcha. Tengani ndalama zina zapamanja, popeza Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki, ndipo netiweki imakonda kuthawa nthawi yomwe woperekera zakudya waima ndi bilu.

Chachinayi, kulongedza

Lachisanu usiku, osati Loweruka m'mawa. Zosambirira, matawulo, zitenje ziwiri zitatu zoyala pamchenga ndi kudzitchinga posintha zovala, zipewa, masilipasi chifukwa mchenga wa masana umawotcha mapazi, madzi akumwa ambiri, ndi jumbo yoika zonyowa. Kamba wapanjira akhale wosavuta: mazira owiritsa, mbatata, mandasi, nthochi. Ngati m'banjamo muli mwana wachialubino, mafuta oteteza khungu kudzuwa, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ndi zoyamba kulowa m'chikwama, ndipo iye asambire m'mawa ndi madzulo okha. Mukagona kunyanja onetsetsani kuti chipinda chili ndi neti, udzudzu wa m'mbali mwa nyanja suchita nthabwala. Zovala za kusewero zisiteni n'kuzisiya zitapachikidwa kunyumba.

Chachisanu, tsiku la pamadzi

Nyamukani kukucha, kuti pofika 9 koloko ana akhale ali m'madzi dzuwa lisanakwiye. Musanawalole kulowa, yendani nawo muwaonetse posaya ndi pakuya, ndipo muwauze polekezera. Kunyanja funsani ogwira ntchito pamalopo kapena asodzi kuti malo abwino osambira ndi ati. Iwo amadziwa pomwe pansi pamatsika mwadzidzidzi, pomwe pamadutsa maboti, ndi kufupi ndi mabango kapena mathiriro a mitsinje komwe kumapezeka ng'ona ndi mvuu.

Tsopano nayi nkhani yomwe ndikufuna muigwiritsitse. Pagulu la akuluakulu asanu ndi mmodzi, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana ana, ndipo mapeto ake palibe akuyang'ana. Sankhani munthu mmodzi, mumutchule dzina, akhale mlonda kwa mphindi 20 kapena 30, kenako asinthane ndi wina. Ife timagwiritsa ntchito chipewa chimodzi chofiira: wavala chipewacho sagwira foni, samwa mowa, salowa m'macheza, maso ake ali pamadzi basi. Akatopa amachivula n'kuveka mnzake pamanja, osati kungochisiya pampando. Mwana akamamira sakuwa kapena kuphiriphitha ngati za m'mafilimu. Amangoti zii, mutu kumwamba, kukamwa kukulowa ndi kutuluka m'madzi, ndipo zimachitika mofulumira, ngakhale pamadzi ofika m'chiuno mwa wamkulu. Mwana wosadziwa kusambira akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire. Machubu ndi timapilo topopa tapamikono ndi zoseweretsa chabe, ndipo kunyanja mphepo imakankhira chubu kwakuya mwana ali chisekere. Musadalirenso kuti pali wopulumutsa anthu, malo ambiri alibe.

Anyamata a maboti adzabwera kudzakunyengererani kuti akuzungulitseni. N'kosangalatsa ndithu, koma muwerenge majekete oyandamitsa musanalipire. Akachepa, kapena palibe okwana ana, kanani mwaulemu. Mphepo ikayamba kukoka, ulendo wa boti ulekeni.

Pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko tulutsani onse akhale pamthunzi, adye, apume. Kudzakhala kulira pang'ono, koma mwana wopsa ndi dzuwa ndi wotopa mopitirira sakakhala pansi maola awiri kusewero mawa. Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, 4 koloko ikupezeni muli m'galimoto. Zitunda ndi makona a msewu wa Salima si zoyendamo mumdima, njinga za kabaza zambiri zilibe nyale, ndipo mudzafunanso kuima panjira kugula nsomba kukuwala, kuti muone maso ndi makha ake ngati ili yalero.

Chachisanu ndi chimodzi, kusewero

Pitani kumapemphero a m'mawa kwambiri ngati mpingo wanu uli nawo, mudye nkhomaliro msanga, ana agoneko pang'ono. Fikani pamalopo kutatsala theka la ola. Inde, ndikudziwa, masewero ena amalembedwa 1:30 n'kuyamba 3 koloko, ndipo ine ndinadikirapo mpaka ana kumaliza zokazinga zonse zomwe ndinawagulira, a zisudzo akuthamangira jenereta magetsi atazima. Komabe wofika msanga ndiye amasankha mpando. M'maholo athu ambiri pansi ndi pathyathyathya, ndiye mwana wokhala kumbuyo amangoona misana ya anthu. Khalani chakutsogolo koma kumphepete kwa mzere, kuti wina akafuna kuchimbudzi mutuluke osaponda anthu, komanso musayandikane ndi sipika.

Muwafotokozere ana pasadakhale kuti awa si anthu a pa TV, akukuonani ndipo akukumvani. Kuseka n'kololedwa, kuwomba m'manja, kululutira, ngakhale kuyankha pomwe wosewera wafunsa anthu, pakuti zisudzo zathu zimakoma ndi anthu oyankha. Chosaloledwa ndi kuthamangathamanga kutsogolo kwa siteji ndi foni yolira. Ndipo inu akuluakulu, lekani kujambula sewero lonse n'kuliponya pa intaneti. Gulu limenelo likupita nalo ku Mzuzu sabata yamawa, anthu akaliona ulere pafoni ndani akalipire pakhomo? Lipiraninso tikiti yonse osayamba zoti ndine m'bale wake wa wakuti. Ndalama ya pakhomoyo ndi yomwe ilipire holo, galimoto ndi chakudya cha osewera.

Likatha musathamangire kunja. Osewera ambiri amatuluka kudzacheza ndi anthu, ndipo mwana akagwirana chanza ndi mfiti ija ankaiopa pasiteji, n'kupeza kuti ndi mtsikana wansangala wopaka makala kumaso, nkhaniyo aikamba mpaka kusukulu. Pobwerera afunseni yemwe wawasangalatsa ndi chifukwa chake, musawauze inu phunziro la sewerolo.

Chomaliza chili patsogolo pang'ono

Ngati munasambira m'nyanja, osati m'damu lothiridwa mankhwala lokha, lembani tsikulo pakalendala. Madzi ena a m'mbali mwa nyanja, makamaka odekha a m'mabango ndi oyandikira midzi, ali ndi nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, ndipo timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, n'chifukwa chake kumwa mawa lake n'kutaya nthawi. Dikirani papite milungu 6 mpaka 8, kenako pitani nonse kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mlingo wake amayeza potengera kulemera kwa thupi, ndiye musagawane mapiritsi mwachisawawa kunyumba, ndipo mumwe mutadya. Wina akayamba kutentha thupi kapena kukodza magazi nthawiyo isanakwane, musadikire kalendala, mupite naye tsiku lomwelo.