Kupeza kantchito koyambira pa open source

Open source ndi mapulogalamu amene aliyense angathe kuona mmene analembedwera ndi kuthandiza kuwakonza. Ine ndinayamba ndi kukonza liwu limodzi lolembedwa molakwika mu README (fayilo yofotokoza za pulogalamu), basi. Tizing'onoting'ono totere musatinyoze.

Sankhani pulogalamu imene mumaigwiritsa kale ntchito. Pa GitHub (webusaiti yosungirapo mapulogalamu otere) tsegulani Issues za pulogalamuyo (mndandanda wa mavuto ndi ntchito zofunika kugwira), mufufuze zolembedwa "good first issue" kapena "help wanted". Koma musapupulume. Onani kaye tsiku limene eni ake anayankha munthu komaliza. Ngati patha chaka ali zii, pitani kwina. Ineyo ndinatayapo masabata awiri pa pulojekiti yakufa, ndipo pull request yanga (pempho loti alandire zimene ndinakonza) ikadali pompo mpaka lero, palibe anaisuzumirako.

Werengani CONTRIBUTING.md (fayilo ya malangizo kwa ofuna kuthandiza), kenako lembani pansi pa issue ija kuti mukufuna kuigwira, poti mwina wina anaitenga kale dzulo. Akakuvomerani, pangani fork (kope lanulanu la pulogalamuyo) muyambepo.