Banja likatha: kukonza zoti mwana aziona makolo onse awiri

Mikangano yambiri ya kuona mwana imayambira pa mawu okoma amene anthu amauzana posiyana: "Muzibwera kudzamuona nthawi iliyonse." Mawuwa sakhalitsa. Bambo afika Lamlungu masana, apeza mwana ali kwa agogo. Mayi akwatiwanso, mwamuna watsopano sakondwa ndi munthu wongotulukira pakhomo. Chimene chimagwira ntchito ndi pangano lolembedwa, lotchula tsiku, ola ndi malo.

Musanakhale pansi, dziwani pomwe lamulo laima. Ndime 23 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wolandira chithandizo kwa iwo, kaya ali pabanja, anasudzulana kapena sanakwatirane n'komwe. Kuyambira 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nkhani za yemwe azisunga mwana, kumuona ndi kumuthandiza zili mu lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Khoti limayang'ana chomukomera mwanayo: limaganizira kuti wamng'ono amafunika mayi ake, limamva maganizo a mwana, ndipo silikonda kulekanitsa ana apachibale. Choncho mfundo yoti "kuno n'kwa chikamwini, ana ndi a mbumba yathu", kapena yoti "tinapereka lobola, ana ndi athu", payokha siigamula mlandu.

Zokambirana ziyambire kwa ankhoswe ngati alipo, koma a mbali zonse ziwiri akhalepo, chifukwa nkhoswe aliyense amakokera kwawo. Amene sanamange banja, kapena amene ankhoswe awo anadana kale, apite ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma lawo. M'madera ena muli amkhalapakati a m'mudzi ophunzitsidwa ndi bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo la Paralegal Advisory Service Institute (PASI). Mkhalapakati si woweruza. Ntchito yake ndi kuthandiza awirinu kupeza mfundo imodzi. Kumanirani pamalo posakhala kwa mwamuna kapena kwa mkazi, ndipo mwana asakhalepo. Gwirizanani poyamba kuti za amene anathetsa banja sizikambidwa, apo ayi dzuwa lilowa mukukumbutsana za chibwenzi chakale.

Panganolo liyendere msinkhu wa mwana. Woyamwa sakagona kwina. Bambo azimuona pafupipafupi kwa nthawi yochepa, monga maola awiri kawiri pa sabata, chifukwa khanda silichedwa kuiwala nkhope. Wa ku pulayimale angathe kupita Lachisanu akaweruka n'kubwerera Lamlungu pofika 4 koloko madzulo, sabata iyi apite, inayo akhale. Ngati wina ali ku Mzuzu wina ku Blantyre, za sabata ndi sabata zisiyeni, gawanani tchuthi zitatu za sukulu, ndipo Khirisimasi muzisinthana chaka ndi chaka. Wa zaka 14 kapena 15 mufunseni yekha, chifukwa womukakamiza amangothawa.

Tinthu timene timaoneka tating'ono ndi timene timaphwasula pangano. Lembani amene azikatenga mwana, amene azikamubweza, ndi amene azilipira minibasi kapena kabaza. Ngati simungaonane osatukwanana, muzilandirana mwana kwa wachibale amene nonse mumamulemekeza. Buku la kuchipatala ndi mankhwala aziyenda ndi mwana. Tchulani tsiku ndi ola loimbirana foni. Nenani zochitika pakagwa maliro kapena matenda: tsiku lolephereka libwezedwe sabata yotsatira, lisangofera m'mazira. Ndipo wofuna kusamuka ndi mwana kupita boma lina kapena kunja, monga ku Johannesburg, adziwitse mnzake kutatsala masiku amene mwagwirizana, mwachitsanzo 30, kuti asamuke. Nonse musaine pamodzi ndi mboni, aliyense atenge kope yake.

Za chithandizo zilembedwe pazokha: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, fizi ndi yunifolomu ndi za yani. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo musafufute mauthenga ake, ndiwo umboni wanu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Mayi amati "simunatumize ndalama, mwana simumuona", bambo amati "mukundibisira mwana, sinditumiza kanthu." Kukhoti izi ndi nkhani ziwiri, ndipo zonse ndi ufulu wa mwana, osati wa makolo. Wobisa mwana chifukwa cha ndalama amadziwonongera yekha mlandu. Njira yake ndi kukasumira chithandizocho.

Pamene panali nkhanza, kuopsezana kapena mwana akugwiriridwa, za mkhalapakati zilekeni. Munthu wamantha amavomera zilizonse kuti angochokapo. Pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi, ndipo pansi pa lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 khoti likhoza kulamula wankhanzayo kuti asakuyandikireni. Likalola kuti aziona mwana, pemphani kuti pazikhala munthu wina woyang'anira.

Zokambirana zikakanika, kaonaneni ndi kalaliki wa kubwalo la milandu ya ana, kapena wa kukhoti la majisitireti komwe kulibe bwalo lapaderalo, kuti mnzanuyo alandire samani. Tengani chiphaso cha kubadwa kwa mwana kapena buku la kusikelo, malisiti a sukulu, mauthenga a ndalama, ndi kalata yochokera kumene munakambirana. Khoti lingathe kutuma a Social Welfare kukaona makomo onse awiri, ndiye musamuphunzitse mwana zokanena, amagwidwa msanga. Osakwanitsa kulipira loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Ngakhale amene mwagwirizana bwinobwino, ndi nzeru kupempha khoti kuti panganolo likhale chigamulo chake, chifukwa pepala la kwa ankhoswe silikakamiza munthu.

Mnzanu akaphwanya chigamulo, musakatsomphole mwana kusukulu. Lembani tsiku lililonse limene mwakanizidwa, amene anaona, ndi uthenga umene munatumiza, kenako bwererani kukhoti lomwelo. Ndi komwekonso mungapemphe kuti chigamulo chisinthidwe mwana akakula, akasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, kapena mmodzi wa inu akasamuka.