Momwe mungalumikizire "if" ndi aperekezi a Chingerezi popanda kusokoneza uthenga

Kuno kuchigwa cha Shire timayankhula kwambiri za zinthu zodalira zinzake. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, mtsinje wa Ruo usefukira. Thonje likagulidwa pa mtengo wabwino, fizi ya ana ipezeka. Ku Nchalo akayamba kulemba odula nzimbe, anyamata apeza pogwira. M'Chichewa, m'Chimang'anja kapena m'Chisena palibe amene amapunthwa pa ziganizo zoterezi. Mavuto amayamba tikafuna kuzinena m'Chingerezi, ndipo Chingerezicho sitingachizembe. Chili m'makalata ofunsira ntchito, m'mafomu, m'machenjezo ambiri a zanyengo, komanso pa mayeso a MSCE, pomwe wolephera Chingerezi sapata satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena.

Ophunzira ambiri amaloweza ndithu "if", "will" ndi "would". Chimene chimawagwetsa ndi timawu totsatira mneni monga "for", "to", "at", "on", "from" ndi "by", timene pa galamala timati aperekezi. Chofunika kugwiritsitsa n'chakuti mperekezi ndi wa mneni, si wa "if". Mneni asintha nthawi mmene angasinthire, koma mperekezi wake sasuntha.

Yambani ndi kudzifunsa: nkhaniyi ndi yotheka kapena ayi?

Musanalembe liwu lililonse la Chingerezi, nenani chiganizocho m'chiyankhulo chanu. Mukamva "-ka-", monga "madzi akakwera, tisamukira kumtunda", ndiye kuti zinthuzo zitha kuchitika. Mneni wa m'nthambi ya "if" akhale wa nthawi yatsopano, ndipo "will" apite ku nthambi inayo: "If the water rises, we will move to higher ground." Musalembe "if the water will rise".

Mukamva "-kana-" kapena "-kada-", imani kaye, chifukwa ife timagwiritsa ntchito kamphatikizo kamodzi pomwe Chingerezi chili ndi njira ziwiri. Ngati mukungolingalira za lero, monga "ndikanakhala ndi bwato, bwenzi ndikuwolotsa anthu kupita ku Makhanga", lembani "If I had a boat, I would take people across to Makhanga." Ngati mukunena za kale zimene sizingabwezedwe, monga "tikanamvera chenjezo, sitikanataya mbuzi", pakufunika "had" m'nthambi ya "if" ndi "would have" m'nthambi inayo: "If we had listened to the warning, we would not have lost the goats." Nthambi ya "if" ikakhala koyambirira, ikani mpatuliro pakati. Ikakhala kumapeto, mpatuliro safunika.

Kenako sankhani mneni pamodzi ndi mperekezi wake

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Chichewa chimabisa ntchito ya mperekezi m'kati mwa mneni. Timati "ndikudikira basi", "ndalipirira mwana", "akufunsira ntchito", popanda kamawu kena pakati. Ndiye tikalowa m'Chingerezi, khutu silitiuza kuti pali chasowa, mpaka munthu amalemba "if you wait me at Ngabu" n'kumaona ngati zili bwino. Cholondola ndi "If you wait for me at Ngabu, we will travel together."

Choncho m'kope lanu musalembe "wait" payekha. Lembani "wait for", "listen to", "depend on", "ask for", "reply to", "complain about", ndipo muziwaloweza ngati liwu limodzi. Aneni ena amasintha mperekezi malingana ndi chimene chikutsatira. Ntchito mumati "apply for", koma kampaniyo mumati "apply to". Munthu mumati "agree with", pempho mumati "agree to", mtengo umene mwagwirizana awiri mumati "agree on": "If we agree on the price, I will sell the bull." Wopalasa bwato mumangoti "pay the man", koma ulendowo mumati "pay for the trip". Ndipo kubwereka ndi "borrow from", kubwereketsa ndi "lend to". Mawu akuti "borrow me", ofala kwambiri m'masukulu mwathu, wochonga mayeso sawalola: "If you lend the bicycle to me, I will return it tomorrow."

Mukapeza awiriwo, yendetsani chiganizo chimodzi m'njira zonse zitatu, mukusintha mneni yekha:

"If you apply for the job, they will invite you to an interview."
"If you applied for the job, they would invite you to an interview."
"If you had applied for the job, they would have invited you to an interview."

Onani kuti "for" ndi "to" ali pomwe anali. Kwa ine, kuchita zimenezi ndi aneni asanu tsiku lililonse kumathandiza koposa kuloweza mndandanda wautali wa malamulo, chifukwa pakamwa pamazolowera msanga kuposa mutu.

Samalani ndi "ku"

"Ku Bangula" ndi mawu amodzimodzi kaya mukupita, mukukhala, kapena mukuchokera kumeneko. Chingerezi chimasiyanitsa: "go to Bangula", "live in Bangula", "come from Bangula". Pofika, tauni kapena boma mumati "arrive in", malo enieni monga siteji, chipatala kapena mlatho mumati "arrive at": "If we arrive at Kamuzu Bridge before dark, we will continue to Nchalo." Musalembe "arrive to".

Palinso aneni amene safuna mperekezi n'komwe, koma ife timakonda kuwaumiriza: "reach", "enter", "discuss", "request", "marry". Ndiye ndi "if we reach Thabwa", osati "reach at". "If they discuss the matter", osati "discuss about". Nalo liwu lakuti "home" silifuna "to": "if you go home".

Mneni akatsatira mperekezi, atenge "-ing"

Lamuloli ndi lalifupi ndipo silisintha, kaya mwagwiritsa ntchito "will" kapena "would". "If you insist on crossing at night, I will not come with you." "If they had succeeded in repairing the road, the cotton would have reached the market." Olemba makalata a ntchito akumbukire kuti "to" wa mu "look forward to" ndi mperekezi, choncho ndi "I look forward to hearing from you." M'kalata momwemo ndi mmene mungaike "could" pambuyo pa "if" posonyeza ulemu: "I would be grateful if you could reply to this letter."

Pena kamawu kotsatira mneni kamalola kuti mlowam'malo alowe pakati, monga "pick you up" ndi "fill it in": "If you get the form, fill it in at once." Ambiri timataya "up" n'kunena "I will pick you", zimene m'Chingerezi zimamveka ngati mukumusankha munthuyo. Koma "wait for it" ndi "look after them" salekanitsidwa.

Za nthawi, gwirani awiri awa: "by" amatanthauza "pofika", "until" amatanthauza "mpaka". "If the seed arrives by Friday, we will plant on Saturday." "If the rain continues until Friday, the road will be closed." Chimodzimodzi "on time" ndi pa ola limene munapangana, pomwe "in time" ndi zinthu zisanaipe: "If help had arrived in time, the maize would have been saved."

Pomwe mperekezi amalowa m'malo mwa "if"

Si ziganizo zonse zodalira zimene zimayamba ndi "if". Mawu athu akuti "pakadapanda" ali ndi njira zingapo. Za lero mumati "If it were not for the river, we would have no winter crop," kunena za ulimi wa kudimba. Za kale, monga nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, mumati "If it had not been for the boats, more people would have been stranded." Mutha kufupikitsa n'kuti "Without the boats" kapena "But for the boats", mbali yotsalayo osaisintha. Chotsatira "for" ndi "without" apa ndi dzina, osati chiganizo chathunthu.

Amene ndikufuna muwamvetse bwino kwambiri ndi "in case of" ndi "in case", chifukwa kuno kusiyana kwake kumakhudza chuma ndi moyo. "In case of" amatsatiridwa ndi dzina ndipo amatanthauza "zikachitika": "In case of flooding, go to the nearest camp." Koma "in case" wopanda "of" amatsatiridwa ndi chiganizo, ndipo si mnzake wa "if" monga ambiri amaganizira. Werengani ziwirizi:

"Move the goats if the river rises."
"Move the goats in case the river rises."

Choyamba chikuti dikirani, mudzasamutse mbuzi mtsinje ukakwera. Chachiwiri chikuti samutsani mbuzi panopa, poopa kuti mwina mtsinje ukwera. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, kapena a namondwe Ana mu Januwale 2022, akudziwa kuti madzi akafika usiku nthawi yomasula ziweto imasowa. Ngati ndinu amene mumawerengera anzanu uthenga wa pafoni kapena kumasulira pa msonkhano wa m'mudzi, "in case" muzimumasulira kuti "chitiranitu".

Mukamaliza kulemba, fufuzani motere. Phimbani "if", "will", "would" ndi "had" ndi chala, mutsale ndi mneni ndi chomutsatira. Pa "If she had listened the radio, she would have known about the meeting", mutsala ndi "listened the radio" komanso "known about the meeting". Wachiwiriyo ali bwino, koma woyambayo akusowa "to". Mukabwezeretsa, mupeza "If she had listened to the radio, she would have known about the meeting." Mukakayika za mneni wina, musafufuze pa "if" m'dikishonale. Tsegulani pa mneniyo, muwerenge ziganizo zachitsanzo zimene zili pansi pake, mukopere m'kope chimodzi chathunthu.