Musanaponye PDF pa gulupu ya kalasi, chitani izi kaye

Semesita ikangoyamba magulupu a WhatsApp amadzadza ndi ma PDF, buku lonse wina wachita kulijambula ndi foni tsamba ndi tsamba mpaka chala chake chikuoneka pakona. Mabuku ngodula inde, palibe akukana, koma lamulo lathu loteteza eni zolembalemba la Copyright Act la 2016 silinena kuti chilichonse cha sukulu ndi chaulere ayi. Malekichala ndi ma class rep, tsatani izi.

Choyamba fufuzani mwini wake. Manotsi olemba nokha gawani mmene mungafunire. Koma buku, pepa ya mu journal, ngakhale chithunzi chotola pa Google zonsezo zili ndi eni ake olo pasakhale kachizindikiro ka © kaja, ndipo kuno ku Malawi chitetezochi chimakhalapo moyo wonse wa wolemba ndi zaka zina 50 atamwalira.

Chachiwiri musadalire fair use (mwayi wogwiritsa ntchito za eni osapempha chilolezo) imene mumaimva pa YouTube ija. Imeneyo ndi ya ku America, ndime 107 ya lamulo lawo la 1976, ndipo komweko imachita kuyezedwa, amaona cholinga chanu, mtundu wa ntchitoyo, kuchuluka kwa zomwe mwatenga komanso ngati mwamuphera msika mwini wake. Lathu limalola kutapako pang'ono pophunzitsa bola mutchule wolemba ndi komwe mwazitenga. Buku lonse si pang'ono, olo muligawe ma PDF khumi.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, tumizani linki osati fayilo. Pitani ku laibulale mukafunse ma journal amene sukulu yanu imapeza kale kudzera ku MALICO (mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi) kapena Research4Life (pulogalamu yopezera ma journal pa intaneti), ambiri amamaliza digiri osadziwa nkomwe kuti zilipo. Mukaipeza pepayo ikani linki yake pa Moodle kapena Google Classroom, aliyense akatsegule yekha. Mukafuna buku yambani mwaona pa OpenStax ya ku Rice University, mabuku ake ndi aulere ndipo ali ndi chilolezo cha Creative Commons chololeza kugawa, za kafukufuku onani pa mawebusayiti a ma journal a DOAJ ndi AJOL. Koma muziwerenga timalemba ta pa chilolezocho, BY ndiye kuti tchulani wolemba, NC musagulitse (inu a fotokope pa geti mwamva), ND musagawe mutasintha.

Zikavuta kuti mpaka muchite scan, tengani masamba okhawo amene phunzirolo likufuna, lembani wolemba, mutu, chaka ndi wosindikiza patsamba loyamba, muike poti alowe ndi a kalasi okhaokha ndi pasiwedi, semesita ikatha chotsani. Pa WhatsApp fayilo ikangotuluka simungaibwezenso, pofika mawa ili ku Mzuzu ndi ku Zomba.

Zoposa pamenepo, monga chaputala zingapo chaka ndi chaka, funsani akuluakulu ngati sukulu ili ndi laisensi ya COSOMA, bungwe loona za copyright m'Malawi, komanso ngati imakhudza zoika pa intaneti, apo ayi lemberani wosindikiza imelo yopempha chilolezo ndipo yankho lake mulisunge.