Momwe mungalumikizire Roland MT-32 ku kompyuta kuti magemu akale a DOS aimbe bwino

Nyimbo za magemu ambiri a DOS (pulogalamu yakale yoyendetsera makompyuta) a pakati pa 1988 ndi 1992 zinapekedwa pa kabokosi kamodzi, Roland MT-32, kamene kanatuluka mu 1987. Kampani ya Sierra inayamba kukagwiritsa ntchito mu King's Quest IV mu 1988, ena nkutsatira. Gemu siitumiza nyimbo yojambula kale ayi. Imangotumiza malangizo a MIDI, akuti imba noti yakuti ndi chida chakuti, ndipo mawu enieniwo amapangidwa m'kabokosimo. Nchifukwa chake nyimbo yomweyo pa AdLib, khadi la mawu la m'kompyuta la nthawi imeneyo, imamveka yowonda, pamene pa MT-32 imadzaza chipinda.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye zaka za magemu anu. Ambiri a 1993 kupita mtsogolo, monga Doom ndi Duke Nukem 3D, amafuna General MIDI, muyezo wina wa zida za MIDI, ndipo kabokosi kake ndi Roland SC-55 ya 1991. Wogulitsa akakuuzani kuti SC-55 imalowa m'malo mwa MT-32 musamumvere. Ili ndi mawu ofananirako, inde, koma siingalandire zida zatsopano zimene gemu imadzipangira yokha.

MT-32 nayo ilipo ya mitundu iwiri. Yakale ilibe polowetsa mahedifoni kumbuyo, yatsopano ili napo. Pemphani wogulitsa ajambule kumbuyoko, ndiponso adine mabatani a 4, RHYTHM ndi MASTER VOLUME nthawi imodzi nkujambula sikirini. Ikalemba 1.07 kapena nambala ina yoyamba ndi 1, ndi yakale. Yoyamba ndi 2 ndi yatsopano. Wokana kujambula zimenezi musiyeni, makamaka amene amangolemba kuti "imayaka" osanena ngati imatulutsa mawu. Mitengo pa eBay inakwera kwambiri, ndipo mukaphatikiza yotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu, kabokosi kakufa kamapweteka mtima. Iliponso CM-32L, yopanda sikirini koma yokhala ndi maphokoso 33 owonjezera amene magemu ena amawadalira. Kwa woyamba kumene ndikulangiza ya sikirini, chifukwa sikiriniyo ndi imene idzakuuzeni vuto.

Ikafika, musathamangire kuiyatsa. MT-32 imafuna 9V DC, 650 mA, ndipo kapulagi kake pakati ndi negative, kunja positive. Maadaputa ambiri a m'nyumba, monga a rauta, ndi otembenuza: pakati positive. Kapulagiko kakalowa sizitanthauza kuti ndi koyenera. Werengani kachithunzi kali pa adaputa, kenako yezani ndi multimeter. Adaputa ya ma pedal a gitala imakhala ndi negative pakati, koma ambiri mwa iwo ndi ofooka, choncho pezani ya 1A. Kabokosi kakachokera ku Japan ndi adaputa yake, adaputayo ndi ya 100V, pamene magetsi athu ndi 230V. Mukaisomeka pakhoma ipsa. Isungeni m'kabati.

Kenako chingwe cha USB kupita ku MIDI. Pulagi yotulutsa malangizo kuchokera ku kompyuta ilowe pa MIDI IN ya MT-32. Zingwe zina zimalemba dzina la pulagiyo, zina zimalemba kumene ikupita, ndiye kanyali ka MIDI MESSAGE kakapanda kuphethira gemu ikuimba, sinthanitsani mapulagi awiriwo.

Mu DOSBox-X, pulogalamu yoseweretsera magemu a DOS pa kompyuta yamakono, lembani mixer /listmidi kuti muone nambala ya chingwe chanu. Pa Windows nambala 0 nthawi zambiri ndi Microsoft GS Wavetable Synth, chingwe chimakhala 1 kapena 2. M'fayilo ya config, pansi pa gawo la midi, ikani mpu401=intelligent, mididevice=win32, ndi midiconfig=1 kapena nambala imene mwaonayo. Mu INSTALL kapena SETUP ya gemu sankhani Roland MT-32.

Tsopano tafika pamene pamavuta, ndipo pamavuta chifukwa poyamba zonse zimaoneka ngati zili bwino. Kanyali kakuphethira, nyimbo ikumveka, koma pamene payenera kumveka mphepo kapena chitseko pakulira piyano. Ng'oma zili m'malo mwake koma chida chotsogolera nyimbo ndi chachilendo. Munthu amayamba kukayikira kabokosi, pamene kabokosi kalibe mlandu.

Chimachitika ndi ichi. MT-32 ili ndi zida 128 zobadwa nazo, ndi malo 64 osungiramo zida zimene gemu yadzipangira. Gemu ikamayamba imatumiza zida zakezo kudzera mu uthenga wautali wotchedwa SysEx. Manoti ndi timauthenga ta mabayiti atatu, chingwe chilichonse chimatinyamula. SysEx imodzi imatha kupitirira mabayiti 200, ndipo amabwera motsatizana pa liwiro la MIDI, mabiti 31,250 pa sekondi. Bayiti imodzi ikatayika, uthenga wonsewo MT-32 imaukana nkupitiriza kuimba ndi chida chimene chinalipo kale.

Ndiye yang'anani sikirini pamene gemu ikuyamba, osati itayamba kale. Magemu a Sierra amalembapo mawu. Space Quest III imalemba kuti "Insert Buckazoid". Mawu amenewa amabwera pa SysEx, choncho akaoneka ndiye kuti njira yatseguka ndithu, ngakhale si umboni wakuti mauthenga aataliwo afika onse. Sikirini ikangokhala chete, kapena ikalemba "Exc. Checksum error", kayikirani chingwe. Zingwe zotchipa zopanda dzina, zakuda zija zokhala ndi kachizindikiro ka nyimbo pakati, zimadula SysEx, ndipo palibe setingi imene ingachize zimenezo. Ndalama zimene mwapulumutsa pa chingwe chotere mudzazilipira ndi masiku ofufuza vuto. Roland UM-ONE mk2 ndi chimene chimadziwika kuti chimanyamula SysEx yonse. Gulani kwa ogulitsa zoimbira enieni, osati kwa amene akugulitsa chingwe "chofanana nacho".

Ikalemba "Exc. Buffer overflow" chingwe chilibe vuto. Apa ndi MT-32 yakale imene yalephera kumeza. Mtundu wakalewu umafuna kupuma pafupifupi mamilisekondi 40 pakati pa SysEx ina ndi inzake, ndipo magemu amene anayesedwa pa makina atsopano a Roland sadikira. Mankhwala ake ndi kuwonjezera liwu limodzi: midiconfig=1 delaysysex. Gemu idzachedwerapo pang'ono kuyamba, koma zida zidzalowa zonse.

Chinthu chachitatu ndi chosavuta koma chimanamiza ambiri. MT-32 ilibe batire yosungira zida za gemu, ikazima imaiwala. Mukaiyatsa gemu itayamba kale, kapena magetsi akathima nkubweranso laputopu ili chiyakire pa batire, muimva ikuimba ndi zida zolakwika. Tulukani mu gemu nkuyambiranso. Mukamachoka pa gemu ina kupita pa ina, zimitsani kabokosi nkukayatsanso, chifukwa gemu imene siitumiza zida zake imaimba ndi zotsala za inzake. Lamulo ndi limodzi: kabokosi kayambe kuyaka, gemu pambuyo.

Poyesa musagwiritse ntchito kiyibodi yoimbira imene ili pa chanelo 1 nkuganiza kuti kabokosi nkakufa. MT-32 ikangoyatsidwa imamvera machanelo a MIDI 2 mpaka 9, ndi 10 ya ng'oma. Chanelo 1 siyankha.

Ngati muli ndi kompyuta yeniyeni ya 386 kapena 486, nkhani ndi MPU-401, chipangizo cha Roland chotulutsira MIDI m'kompyuta. Magemu ambiri akale amafuna intelligent mode ya chipangizochi, pamene MIDI ya pa khadi la mawu la Sound Blaster 16 ndi UART yokha, njira yongotumiza mabayiti basi. Pulogalamu yaulere ya SoftMPU imatseka mpata umenewu: yatsani EMM386 (pulogalamu ya DOS yoyang'anira memori), lembani SOFTMPU /SB:220 /IRQ:5 /MPU:330 mogwirizana ndi khadi lanu, ndipo pa MT-32 yakale onjezani /DELAYSYSEX. Makhadi ena a Sound Blaster 16 amasiya noti ikulira osaleka pamene MIDI ndi maphokoso a gemu zikuyenda pamodzi. Likakhala lotero khadi lanu, MIDI itulukire pa khadi lina.

Za mawu: MT-32 imatulutsira pa majaki awiri aakulu a 6.35 mm, ndipo mawu ake salowa okha m'kompyuta. Nyimbo zichokera m'kabokosi, maphokoso ena a gemu achokera ku kompyuta, choncho pafunika kamikisa kakang'ono kophatikiza ziwirizi zisanafike ku masipika. Nyimbo ikamathetheka pokwera, tsitsani MASTER VOLUME pa kabokosi nkukweza pa mikisa.

SC-55 ndi yofatsa. Nayo ndi 9V ya negative pakati, mu SETUP sankhani General MIDI pa poti 330, basi. Ikalemba "Battery Low" sinthani batire ya CR2032 ili mkati. Mukakhala nazo zonse ziwiri, tengani chingwe kuchokera pa MIDI THRU ya MT-32 kupita pa MIDI IN ya SC-55, nkutsitsa voliyumu ya imene simukuifuna.

Amene thumba silikulola ayese pulogalamu ya Munt pa kompyuta kapena ya mt32-pi pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Zonse ziwiri zimatsanzira MT-32 bwino kwambiri, koma zimafuna mafayilo a ROM, okopedwa kuchokera m'matchipi a kabokosiko.