Kamangidwe ka GPS ya m'manja pa boti la injini, ndi mmene mungaipatsire moto osaiwotcha

Achimwene anga a m'nyanja, makamaka inu amene muli ndi ka GPS kam'manja aka, kachipangizo kokuuzani pamene muli pa nyanja, kaya ndi Garmin eTrex kaya GPSMAP 64 kaya 78, tiyeni tikambirane za kamangidwe kake pa boti chifukwa ambiri mukumangokaponya m'chigubu chodula limodzi ndi machesi ndi foni, ndiye mwera ukauka kapena utsi wa mu October ukaphimba mapiri onse mpamene mumayamba kukafufuza mumdima manja ali mamba a usipa okhaokha. GPS yokhala m'chigubu siyimuthandiza munthu amene wagwira injini. Ikuyenera kukhala pamalo amodzi, yoyaka kale, yoti ukangoponya diso waona basi.

Malo ake akhale poyera, poona kumwamba. Ma setilaiti amene imamvera ali kutali makilomita oposa 20,000 ndipo imafuna anayi kapena kuposa kuti ikuuzeni pamene muli, ndiye mukaibisa pansi pa thabwa lokhalira kapena kuseri kwa thanki ya petulo musadabwe ikamangosakasaka. Ya 64 ija kanyanga kake kaloze m'mwamba. Komanso musaigundikize ku injini, italikireni ngati kutalika kwa mkono kapena kuposa, chifukwa mu flywheel, chigudumu chozungulira cha pamwamba pa injini, muli maginito ndipo mitundu ina ngati eTrex 30 ndi 64s ili ndi kampasi mkati imene imasokonezeka ikayandikira maginito kapena chitsulo chachikulu. Ine malo amene ndimawakonda ndi pa thabwa lopingasa lomwe lili kutsogolo kwa woyendetsa, chakumbali pang'ono kumene khoka silidutsa pokoka.

Chogwirira chake chenicheni chilipo, chimalowa pa kamsana kali kumbuyo kwa eTrex ndi 64, ndipo a kampani ya RAM Mounts amapanganso zolimba kwambiri, ngati muli ndi m'bale ku Joni muuzeni akugulireni. Koma osadikira zimenezo. Dulani kapaipi ka PVC koti GPS ilowe mothina pang'ono, mukasemeko kutsogolo kuti sikirini ndi mabatani zioneke, mkati ndi pansi muyalemo mphira yodula ku silipasi yakutha, kenako kapaipiko mukakhomere pa kathabwa ndi masikuluu osachita dzimbiri. Pakati pa kathabwako ndi boti ikaninso mphira ina. Mphira imeneyi musaione ngati yongokongoletsa, injini ya two stroke imanjenjemeretsa boti lonse, kuwonjezera kumenya kwa mafunde, ndiye kunjenjemerako kumapangitsa mabatire kusiya kukhudza tizitsulo tawo kwa kanthawi kochepa kwambiri ndipo GPS imangozima yokha inu nkumati yafa. Anzathu a ku Canada ndi Norway amene amamanga ma GPS omwewa pa ma snowmobile, njinga zawo zoyenda pa chipale chofewa zija, amavutika ndi nthenda yomweyi ndipo mankhwala ake ndi amodzi: kasiponji kopyapyala pakati pa mabatire ndi chivindikiro kuti asamagwedere. Iwo mdani wawo wina ndi kuzizira kumene kumafooketsa mabatire, ife kuno ku Mangochi ndi dzuwa ndi madzi, choncho masana boti likakhala pa doko ichotseni, musaisiye ikupsa pathabwa.

Chingwe. Chonde chingwe musaiwale. Mangani kachingwe kolimba pa kabowo ka GPS ndipo mbali inayo pa boti penipeni osati pa chogwirira. GPSMAP 78 imayandama ikagwera m'madzi koma eTrex ndi 64 zimapita pansi, ndipo kunja kwa Monkey Bay kapena kuseri kwa zilumba za ku Chembe palibe amene angakumirireni.

Tsopano nkhani ya moto, apa mpamene anthu akuwotchera zipangizo zodula. Njira yosavuta ndi mabatire awiri a AA. Kampani ya Garmin imati eTrex imatha kufika maola 25 pomwe 64 ndi pafupifupi 16, koma zimenezo ndi za mabatire abwino komanso nyali ya sikirini isakuyaka kwambiri, timabatire totchipa ta pa okala ta mu wailesi tija sitichedwa kutha. Gulani a alkaline kapena ochajidwa a NiMH, ndipo mukalowe mu Setup pa System musankhe mtundu wa batire umene mwaikamo, apo ayi kachizindikiro ka batire kazikunamizani. Nyali ya sikirini itsitseni, usiku pa nyanja kuwala pang'ono kumakwana komanso sikukuthobwani m'maso.

Koma kwa munthu wochezera usiku wonse ku usipa, tsiku ndi tsiku, ma AA akudyerani ndalama, bola kukoka moto pa batire ya 12V, kaya ya njinga yamoto kaya imene mumayatsira mababu. Mvetsani apa: polowera moto pa eTrex ndi 64 ndi pa USB ndipo pamafuna 5V basi. Mukadula chingwe cha USB nkulumikiza mawaya ake ku 12V mwachindunji ndiye kuti mwaiwotcha pompo. Pakati pamafunika kachipangizo kotsitsa moto kuchoka pa 12V kufika pa 5V, zija amamanga pa njinga za kabaza zochajira foni zimagwira bwino bola musankhe yomatidwa yosalowa madzi. Waya wofiira apite ku pulasi ya batire, wakuda ku mainasi, ndipo pa wofiirayo pafupi penipeni ndi batire ikani fyuzi yaing'ono ya 1 kapena 2 amp. Ikhale pafupi ndi batire chifukwa waya akakhuzuka nkugundana fyuziyo iduke waya asanayambe kuyaka, kumbukirani kuti m'boti muli petulo. Ikaninso swichi, popeza tizipangizo totsitsa moto timeneti timadyabe batire pang'onopang'ono ngakhale GPS itachotsedwa. GPS payokha siidya zambiri ayi, kabatire ka 7Ah kochajidwa bwino pa sola kangakuyendetseni mausiku angapo.

Ndiye pali ena amati injini yanga ili ndi mawaya a magetsi ndingotengapo pamenepo. Ayi achimwene, dikirani kaye. Pa ma injini ang'onoang'ono ochita kukoka chingwe ngati Yamaha Enduro, mawaya ochokera ku koyilo ya nyali amatulutsa moto wa AC umene umakwera ndi kutsika malingana ndi mmene mwakokera mafuta, babu imapirira koma chaja siingapirire. Pamafunika rectifier yokhala ndi regulator, kachipangizo kosandutsa moto wa AC kukhala ngati wa m'batire nkuuletsa kukwera mopitirira, moto upite kaye mu batire, ndipo GPS itenge ku batireko. Ntchito imeneyo mupatseni makaniko wodziwa ma injini a maboti.

Pawa banki nayo imatheka koma yambiri imazima yokha ikaona kuti chimene mwalumikizacho chikukoka moto wochepa, ndiye iyeseni kaye kunyumba kwa ola lathunthu. China chomwe chimazunguza anthu, mukalumikiza chingwe GPS ina imaganiza kuti mwaiika pa kompyuta nkungoonetsa kachithunzi osagwira ntchito. Pa 64 pitani mu Setup, System, Interface musankhe Garmin Spanner, ikamafunsa zolowa mu mass storage muziyankha No. Ndipo ma AA asachokemo ngakhale muli pa waya, chingwe chikasolotoka ndi amene amaigwira. Dziwaninso kuti USB siichaja ma AA wamba ali mkatimo, ochajidwawo muziwachaja pa chaja yawo.

Za madzi ndiye nkhani imene imandikhudza kwambiri chifukwa anthu amakhulupirira mawu oti waterproof mopitirira. Muyezo wake ndi IPX7, kutanthauza mita imodzi pansi pa madzi kwa mphindi 30, koma zimenezo ndi pamene kamphira kotseka pa USB kali kotseka. Mukangokatsegula nkulowetsa chingwe chitetezo chija chatha. Choncho chingwe chizitsika kaye pansi kenako nkukwera polowa mu GPS kuti madontho azigwera panjira, polumikizira mawaya pakhale pomata bwino ndi tepi komanso pamwamba osati pansi pomwe pamasonkhana madzi okapa, mitu ya batire ipakeni girizi pang'ono. Kajumbo koonekera mkati kovindikira pamwamba nkumanga ndi legeni kamathandiza pa mafunde ang'onoang'ono. Koma mwera wa mu June ndi July ukalusa madzi nkumalowa m'boti, zulani chingwe, tsekani kamphira, yendani pa ma AA mpaka mukafike.

Mukamaliza kumanga musathamangire kunyanja yaikulu. Lizani injini pa doko pompo, ikokeni mafuta kangapo mukuyang'ana sikirini ngati ikuphethira kapena kuzima, gwedezani mawaya ndi dzanja, kenako dinani Mark musunge doko lanulo ndi dzina loti ngakhale mnyamata wanu alizindikire. Tsiku lina masana kuli bata mudutse musungenso miyala yobisika ndi polowera mu Shire ngati mumadutsako, ndipo inu a ku Msaka ndi Chembe muikemonso malire a paki, paja mamita 100 kuchokera kumtunda kwa malo a Lake Malawi National Park nkoletsedwa kuponya khoka.